Njinga, bwato, ngolo kapena minibasi: kusankha choyendera kumunsi kwa Shire masiku ano

Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa. Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje mwambiwu watsala theka, chifukwa madzi a masiku ano akumakumbukira khwawa lakale n'kutsegulanso lina pambali. Mu Januwale 2015 mtsinje wa Ruo unasiya njira yake n'kudzera m'minda ndi m'midzi ya ku Makhanga, ndipo anthu amene dzulo lake ankapita kumsika pa njinga anadzuka akufuna bwato. Kenaka kunabwera anamondwe: mu Malichi 2019 Idai, mu Januwale 2022 Ana, patangopita milungu ingapo Gombe, mu Malichi 2023 Freddy. Chaka chotsatira mvula inachita njomba mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya chilala. Mwana amene anabadwa chaka chimene Ruo anasintha njira waona zonsezi asanamalize pulayimale.

Za mbewu ndi nyumba zakugwa zimakambidwa kwambiri. Ine ndikufuna tikambe za ulendo wamba: wa kuchigayo, kusikelo, kudimba, kumaliro, kukapikula katundu ku Limbe. Ngati mwagulitsa thonje kapena chitowe ndipo mukuganiza zogula choyendera, kapena mwatumizidwa kudzagwira ntchito kuno ndipo mukufunsa kuti anthu amayenda bwanji, nkhaniyi ndi yanu.

Zoyamba kuyang'ana

Musanafunse mtengo wa chinthu chilichonse, dzifunseni kuti pakati pa khomo lanu ndi kumene mumapita kawirikawiri pali mitsinje ingati. Shire yekha sindiye vuto lalikulu la tsiku ndi tsiku, popeza amadzaza pang'onopang'ono ndipo amaoneka. Yovuta ndi mitsinje yotsika m'mapiri: Mwanza, Mkombedzi, Lalanje, Thangadzi, Nyamadzere, ndi ya kutsidya la kum'mawa monga Maperera ndi Livunzu. Miyezi yambiri imakhala mchenga wokhawokha, ana akusewerapo mpira. Mvula ikagwa ku Thyolo kapena ku Mwanza, madzi amafika kuno dzuwa likuswa mtengo, popanda ndi kamtambo komwe. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umasunga chinyezi chowonjezera pafupifupi 7 peresenti, ndiye mvula yomwe kale inkagwa masiku atatu ikumatha kukhuthuka usiku umodzi. Mapiri nawo ali mbee, dothi lonse latsikira m'mitsinje, moti milatho ina yatsala pang'ono kukwiririka ndipo madzi amangodutsa pamwamba.

Chachiwiri ndi dzuwa. Pa Ngabu mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mvula ikachedwa nyengo imeneyi imatalika. Ulendo wa 11 koloko m'mawa ndi wa 5 koloko m'bandakucha ndi maulendo awiri osiyana, ngakhale msewu uli womwewo.

Chachitatu, chimene ine ndimachiika patsogolo pa zonse: choyendera chanucho chikakanika kupitirira, mungathe kuchinyamula? Ulendo wa dzinja kuno sukhalanso wa chinthu chimodzi. Mupalasa, muwoloka, mupalasanso, kenaka mukwera galimoto. Chimene chingakwere paphewa kapena kulowa m'bwato chimakufikitsani. Chimene sichingatero chimagona kutsidya.

Njira iliyonse ndiiyesa pa zinthu zinayi: mtengo, kupezeka, kusamalira ndi chiopsezo. Pa mtengo ndiziyerekeza chinthu ndi chinzake, chifukwa chichokereni pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wolembedwa lero umakhala nthabwala mwezi wamawa.

Njinga yakapalasa, yanu kapena ya shapa

Mtengo: pa zonse zogula, iyi ndiyo yotsika. Ndalama ya njinga yamoto imodzi ikhoza kugula zakapalasa zoposa zisanu, ndipo mukagula simupitanso kukaima pamzere wa mafuta. Ya shapa, imene anzathu akumtunda amati kabaza, imalipiritsa malinga ndi mtunda ndi katundu, koma dziwani kuti matope ndi dzuwa la masana zimakweza mtengo, ndipo sindiwaimba mlandu anyamatawo.

Kupezeka: pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula, Tengani ndi pa boma la Nsanje simungasowe. Chigwachi ndi chafulati, n'chifukwa chake njinga inakhazikika kuno kuposa madera a mapiri. Chimene chasintha ndi nthawi. M'miyezi yotentha opalasa ambiri amayamba kusanache, masana mumawapeza ali pansi pa mtengo wa nimu, ndipo amene avomere ulendo wautali wa 12 koloko amafuna ndalama yomveka.

Kusamalira: masipoko, tcheni, machubu ndi mabelingi zimapezeka pamsika uliwonse, ndipo mmisiri wa njinga ali pafupifupi mudzi uliwonse. Minga ya m'njira zachidule imadya machubu, ndiye pampu, zigamba ndi guluu zisamachoke pakaliyala. M'chilimwe musapope tayala mpaka gwa m'mawa, chifukwa phula likatentha masana chubu chimaphulika chokha. Mukawolotsa njinga m'madzi, tsiku lomwelo tsegulani mahabu muikemo girisi watsopano. Mchenga wa m'mitsinje yathu umapera mabelingi ngati mphero.

Chiopsezo: dothi la makande la cha ku Ngabu likanyowa limakanirira pakati pa tayala ndi madigadi mpaka gudumu kuleka kuzungulira. Ambiri amangochotsa madigadi dzinja lonse n'kulolera kuti msana udetsedwe. Pa M1 mumapikisana ndi malole a shuga ndi a ng'ombe, ndipo madzulo njinga yopanda nyali siioneka. Koma chiopsezo chimene anthu amachipeputsa ndi dzuwa. Munthu wopalasa ndi thumba la makilogalamu 50 masana a Novembala akayamba chizungulire, mutu kuwawa ndi thukuta kuuma, asamalimbikire kuti atsala pang'ono kufika. Akhale pamthunzi, amwe madzi, adzithire ena m'mutu. Ngakhale zili choncho, njinga imeneyi ndiyo yokha imene imapambana mayeso anga achitatu aja popanda kukambirana ndi munthu: paphewa imakwera, m'bwato imalowa.

Njinga yamoto

Mtengo: wokwera pogula, ndipo kugula ndi chiyambi chabe. Pali petulo, oyilo, layisensi, inshuwalansi ndi helemeti. Mafuta akasowa pamafilingi, monga zakhala zikuchitikira kawirikawiri chiyambire 2022, mumagula a m'zigubu pa mtengo woposa wa boma, nthawi zina osakaniza ndi zina. Wokwera kabaza wamoto amamva ululu womwewo, chifukwa mtengo wa ulendo umatsatira wa botolo la petulo tsiku limenelo.

Kupezeka: zachuluka kwambiri zaka zapitazi, mpaka m'midzi imene galimoto siifika. Kutsidya la kum'mawa, kuchokera pa Thabwa kudzera ku Livunzu mpaka ku Fatima, nthawi zambiri m'dzinja ndi njinga yamoto imene imatsala ikuyenda galimoto zitaleka.

Kusamalira: fumbi la chilimwe limatseka fyuluta ya mpweya msanga kuposa mmene buku lake limanenera, ndipo kutentha kumachepetsa moyo wa oyilo. Madzi ndiye mdani wamkulu. Injini ikazima pakati pa mtsinje musaikhe kiki, chifukwa ngati yamwa madzi muthyola zam'kati. Ikankheni ituluke, chotsani pulagi, khuthulani oyilo. Ndinaonapo mnyamata wina akulira pafupi ndi mtsinje, njinga ya ngongole ya miyezi iwiri yokha itafa chifukwa cha kiki imodzi imeneyo.

Chiopsezo: ngozi zake ndi zothyola mafupa ndi mitu, makamaka pokwera atatu kapena anayi opanda helemeti. Kutentha kumachititsa ambiri kuvula helemeti n'kuikoleka pahandulo, pomwe siithandiza aliyense. M'matope imaterereka, pamchenga wouma gudumu lakutsogolo limathawa. Pa mayeso onyamula imakhoza mwa mwayi: anyamata anayi akhoza kuiwolotsa pa mitengo, ndipo bwato lalikulu la matabwa limailandira, koma zonsezi n'zolipira ndipo mumakhala mtima uli m'mwamba mpaka tsidya. Ubwino wake umodzi sindingaukane. Pamene mwana wakomoka ndi malungo pa mtunda wa makilomita 20 kuchokera kuchipatala, palibe china chimene chingafanane nayo.

Minibasi, Sienta ndi matola

Mtengo: simugula kanthu, mumalipira ulendo wokha, ndipo pa mtunda wautali palibe chotsika kuposa apa. Kuchokera pa boma la Nsanje kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 180, kuchokera ku Chikwawa pafupifupi 50. Msewu ukaduka mtengo umachulukana mosayembekezereka: galimoto ina imakusiyani pamalo odukawo, mulipira okunyamulirani katundu, kenaka mulipiranso ina ya kutsidya.

Kupezeka: pa M1 n'zambiri kuyambira m'mamawa. Kunja kwa M1 n'zamwayi, ndipo m'dzinja eni galimoto ambiri safuna kuziika m'matope. Vuto la chigwa chathu ndi lakuti msewu waukulu wa phula wotuluka ndi umodzi, ndipo wonse umadalira mlatho wa Kamuzu ndi chitunda cha Thabwa. Ana itawomba mu 2022, M1 inaduka malo angapo m'boma la Chikwawa, mlatho wa Chapananga pa mtsinje wa Mwanza unaonongeka, ndipo aliyense wa kumunsi kwa malo odukawo anatsekeredwa pamodzi ndi katundu wa m'sitolo. Damu la Kapichira nalo linaphwasuka, magetsi n'kuvuta miyezi yambiri. Zimenezi zimakhudza ulendo kuposa mmene tingaganizire, popeza pampu ya pafilingi imafuna magetsi, foni imafuna kutchaja, ndipo ndalama ya pa Airtel Money kapena Mpamba siituluka netiweki ikagwa. M'miyezi ya Januwale mpaka Malichi yendani ndi ndalama ina yapamanja, yomangidwa m'pepala la pulasitiki.

Kusamalira: si kwanu, koma maso ndi anu. Musanakwere yang'anani matayala. Osalala sagwirizana ndi phula lotentha, komanso sagwirizana ndi mvula.

Chiopsezo: pokwera Thabwa galimoto imachoka pansi penipeni pa chigwa kukafika ku Blantyre pa mamita pafupifupi 1,000, ndipo masana otentha injini zotopa zimawira pamakona. Potsika nkhani ndi mabuleki. Ngozi ina ndi dalaivala wofuna kudutsa pamlatho womira chifukwa yemwe ali patsogolo wadutsa. Madzi othamanga ofika m'mawondo amakwanira kukankha galimoto yaing'ono, ndipo pansi pake simudziwa ngati phula lilipobe. Tsikani. Ndalama mwalipirayo ipite. Ndiponso kudikira kuti minibasi idzaze, mawindo osatseguka, mwana ali kumsana, 1 koloko masana pa Nchalo, ndi chilango chimene mungachipewe pongonyamuka m'mamawa.

Bwato

Apa ndichedwapo, chifukwa anthu obwera amaona bwato ngati chinthu cha nthawi ya ngozi yokha, pamene kwa anthu a kwa Nyachikadza, a m'mbali mwa dambo la Ndindi ndi la Elephant Marsh, ndi onse olima madimba a kutsidya, ndi basi ya tsiku lililonse. Pakati pa Bangula ndi Chiromo madzi anadula msewu ndi njanji mu 1997, ndipo malowo anthu amawatcha Mtayamoyo. Dzinalo likukwanira kufotokoza. Ana obadwa chaka chimenecho lero ali ndi mabanja, ndipo akula akudziwa kuti njira yachidule ya ku Makhanga ndi ya pamadzi. Yozungulira pa galimoto ndi yokwera mpaka ku Thabwa n'kutsikanso tsidya linalo, ulendo wodya tsiku.

Mtengo: kuwoloka kamodzi n'kotsika mtengo madzi akakhala abata, ndipo njinga ndi matumba zimalipiridwa pazokha. Madzi akakwera, mtengo umakweranso ola lomwelo. Kugula lanu kwavuta chifukwa mitengo ikuluikulu yosemera mwadiya yatha m'madera ambiri, ndiye ambiri akukhomera a matabwa. La injini ndi la gulu kapena la bizinesi, osati la banja limodzi.

Kupezeka: pamadoko odziwika amapezeka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Chodabwitsa n'chakuti chilala nachonso chimasokoneza bwato. Madzi akaphwa, timifuleni ta m'dambo timauma, namasupuni amatseka njira, ndipo mumatsika kutali ndi gombe n'kumaponda matope ofika m'ntchafu katundu ali pamutu. Doko limene munakwerera chaka chatha mwina lasuntha, choncho funsani eni dera musananyamuke.

Kusamalira: kumata ming'alu ndi phula, kusintha matabwa owola, kulisunga m'madzi kapena pamthunzi kuti dzuwa lisalisweswe, ndi unyolo wolimba. Madzi osefukira amatenga mabwato ambiri usiku ali pachikhomo.

Chiopsezo: ng'ona ndi mvuu zilipo, ndipo madzi akasefukira zimafika m'malo amene kale sizinkapezeka. Dzanja lisalendewere kunja, ndipo kuwoloka chisisira kapena usiku ndi kuziputa dala. Koma chimene chimamiza mabwato ambiri ndi kudzaza. Mwini bwato amafuna ulendo umodzi ulipire bwino, okwera nawo safuna kutsala, ndiye mumanyamuka madzi atatsala zala zinayi kuti alowe. Onjezanipo zitsa ndi mitengo yokokoloka imene Ruo amabweretsa, kapena mphepo ya mwera madzulo. Majekete oyandamitsa sapezeka m'mabwato ambiri. Ine lamulo langa n'losavuta: ndikaona njinga yamoto yachiwiri ikukwezedwa, ndimatsika n'kudikira ulendo wina, aseke aseke.

Ngolo

Mtengo: ngolo yokha ndi yofikirika, chodula ndi ng'ombe ziwiri zophunzitsidwa goli. Abulu ndi otsikirapo. Kubwereka n'kotchipa pa katundu wolemera ngati njerwa, mapira kapena mabelo a thonje, mukayerekeza ndi maulendo khumi a njinga.

Kupezeka: chigwa chino ndi cha ng'ombe, makamaka cha ku Ngabu, ndiye ngolo sizisowa, kupatula nthawi yokolola pomwe aliyense akuifuna.

Kusamalira: matayala akale a galimoto, girisi, ndi ziweto zimene zimadya chaka chonse kaya zagwira ntchito kaya ayi. Apa ndi pamene nyengo yaluma kwambiri. Chaka cha chilala msipu umatha mu Seputembala, zitsime zimaphwa, ndipo pofika nthawi imene mukuzifuna ng'ombe zimakhala nthiti zokhazokha. Sungani mapesi. Mankhwala a nkhupakupa musadumphitse.

Chiopsezo: ng'ombe yokoka masana a Okutobala imatha kugwa pagoli, choncho ntchito yake ndi ya m'bandakucha ndi madzulo. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka, zomwe zimachitika kuno nthawi ndi nthawi, a zaulimi amaletsa kuyendetsa ziweto ndipo ngolo imaima. Akuba ng'ombe nawo sagona. M'madzi osaya ndi m'matope ngolo imadutsa pomwe Sienta yalephera, koma pamadzi othamanga imagubuduzika pamodzi ndi ziweto zomangidwa zimene sizingathe kudzipulumutsa.

Za sitima ndingonena mwachidule. Okulirapo amakumbukira ya ku Makhanga imene inkanyamula anthu, nsomba ndi mbatata kupita ku Limbe motchipa, njanji yake isanaonongeke ndi madzi a 2015. Sitima ya katundu yochokera ku Mozambique inafika pa Marka, kumalire a Nsanje, mu 2024, koma ulendo wanu wa sabata yamawa musauwerengere pa njanji.

Nanga inu mutenge chiti?

Ngati muli ndi ndalama yogulira chinthu chimodzi chokha ndipo pakati pa inu ndi msika pali mtsinje, gulani njinga yakapalasa yolimba, ya kaliyala wowotcherera, yotsalayo musungire kabaza wamoto wa tsiku la matenda. Nambala za oyendetsa awiri odalirika zikhale m'foni komanso papepala.

Mphunzitsi, mlangizi wa zaumoyo kapena wa zaulimi woyenda midzi yambiri pa tsiku apindula ndi njinga yamoto kuyambira Epulo mpaka Disembala. Yakapalasa yakale ija asaigulitse, aifuna mu Febuluwale. Wofuna njinga yamoto ya bizinesi pa ngongole awerengere kuti miyezi ina ya dzinja ndi masabata osowa mafuta adzalipira ngongole njinga ili m'nyumba.

Wa geni yopikula ku Limbe asinthe kalendala osati galimoto. Katundu wosaonongeka monga sopo, mchere, shuga ndi mafuta ophikira achulutse mu Disembala, kuti M1 ikaduka asakhale m'gulu lolipira kawiri. Tomato, nsomba zaziwisi ndi masamba ziyende ndi galimoto yoyamba ya m'bandakucha.

Mlimi wa minda ikuluikulu kumtunda kwa chigwa, amene ali kale ndi khola, ngolo ndi yake. Wopanda khola abwereke, asagule ng'ombe chifukwa cha ulendo wokha.

Olima kutsidya ndi okhala m'madambo alibe chosankha, bwato ndi lawo. Chimene angasankhe ndi mwini bwato ndi ola. A zanyengo akalengeza namondwe pa wailesi, kaya pa Gaka, pa Nyathepa kapena pa MBC, kapena a komiti ya ngozi zogwa mwadzidzidzi akayamba kuyenda ndi chimkuzamawu, wolokani tsiku lomwelo madzi asanafike, mitengo isanakwere.

Ana a sukulu owoloka mtsinje wouma aphunzitsidwe kuyang'ana kumapiri, osati kumwamba kwa mudzi wawo. Kukada ku Thyolo, madzi akayamba kubwera ofiira ndi zinyalala, abwerere.

Mayi woyembekezera amene masiku ake akugwera pakati pa Januwale ndi Malichi, ndipo chipatala chili tsidya lina la mtsinje uliwonse mwa imene ndatchula ija, asasankhe pakati pa njinga yamoto ndi bwato. Apite kuchidikiro mwezi wachisanu ndi chinayi ukangoyamba, kaya ku Trinity ku Muona, ku Kalemba ku Bangula, ku Montfort ku Nchalo kapena pachipatala cha boma, ndipo womudikirira atenge ufa wokwanira milungu inayi.